Chilonda cha katemera wa BCG pa mkono wa khanda: zoyembekezereka ndi zofunika kupita nazo kuchipatala

Mwana akabadwira m'chipatala muno mu Blantyre, kaya ndi ku Gogo Chatinkha pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kaya ndi m'zipatala zing'onozing'ono za ku Ndirande, Zingwangwa, Chilomoni, Bangwe kapena Limbe, amayenera kulandira akatemera awiri asanatuluke kapena m'masiku ake oyambirira: madontho a poliyo m'kamwa ndi jakisoni wa BCG, katemera woteteza ku chifuwa chachikulu (TB), pamwamba pa mkono, pafupi ndi phewa. Madontho aja amaiwalika msanga chifukwa sasiya chizindikiro chilichonse. BCG ndiye amadzadzetsa nkhawa, ndipo amatero mochedwa, banja litaiwala kale za jakisoniyo. Pakapita masabata angapo, pamalo anabayidwa paja pamatuluka kachotupa kofiira, kenako mafinya, kenako chilonda chimene chimatha kukhala miyezi chisanapole. Mayi amene sanamve bwino uphungu pa tsiku lotuluka, ndipo n'zosadabwitsa popeza tsiku limenelo amakhala wotopa, wamabala, maganizo ali pa ulendo wobwerera kunyumba, amafika poganiza kuti namwino anabaya molakwika kapena kuti mwana wagwidwa ndi matenda ena. Zoona zake n'zakuti chilondacho ndi njira imene katemerayu amagwirira ntchito, ndipo pafupifupi makanda onse obayidwa amadutsamo.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake, ayenera kudziwa zimene zili m'kabotolo. BCG ndi katemera wamoyo. Muli tizilombo ta mtundu umene umadwalitsa ng'ombe chifuwa chachikulu, totchedwa Mycobacterium bovis, timene tili pachibale ndi tija toyambitsa TB mwa anthu, koma tinafooketsedwa kotero kuti sitingadwalitse mwana amene chitetezo cha m'thupi mwake chili bwino. Amene anatifooketsa ndi akatswiri awiri a ku France, Albert Calmette ndi Camille Guérin, amene ankagwira ntchito ku Institut Pasteur mumzinda wa Lille. Kuyambira mu 1908 iwo ankatibzala pa mbatata yosakaniza ndi ndulu ya ng'ombe, tikachulukana n'kutisamutsira pa mbatata yatsopano, ndipo anachita zimenezi maulendo 230 kwa zaka 13, mpaka tizilombo tinataya ukali wake. Khanda loyamba linalandira katemerayu ku Paris mu 1921. Popeza tizilomboti ndi tamoyo, tikalowa m'khungu timachulukana pang'onopang'ono pamalo pomwepo, asilikali a m'thupi amathamangira pamenepo kudzalimbana nato, ndipo pakulimbanapo thupi limaphunzira kuzindikira mdani wa mtundu umenewu. Kutupa, mafinya ndi chilonda zimachokera ku kulimbana kumeneku. Kuchedwa kwake nakonso kuli ndi chifukwa: tizilombo ta banja la TB timachulukana mwaulesi kwambiri poyerekeza ndi tizilombo tina, n'chifukwa chake masabata oyambirira pamalopo pamangooneka ngati palibe chimene chinachitika.

Kabayidwe ka BCG n'kosiyana ndi ka jakisoni wina aliyense amene mwana adzalandire kusikelo. Salowa mumnofu, koma m'kati mwa khungu lenilenilo. Namwino amakoka khungu la mkono kuti liwongoke, amagoneka singano yaing'ono pafupifupi kufanana ndi khungulo, amalowetsa nsonga yokha, n'kukankha kamlingo kochepa zedi, mamililita 0.05 kwa mwana wosakwana chaka. Akabaya bwino, nthawi yomweyo pamatukuka kachithuza koyererako kokhala ndi timaenje tating'ono ngati khungu la lalanje. Kachithuza kameneka ndi madzi a katemera amene akhala m'khungu, ndipo kamaphwa kokha pasanathe nthawi yaitali, nthawi zambiri tsiku lomwelo. Mayi sayenera kupatikita kapena kupathowa ndi madzi otentha monga ena amachitira ndi jakisoni wa m'thako.

Pakatha masabata awiri mpaka anayi, ndipo mwa ana ena mochedwerapo, pamatuluka kachiphuphu kofiira, kolimba mukakakhudza. Kamakula pang'ono, kamafewa pakati, kamasanduka koyera kapena kachikasu chifukwa cha mafinya, kenako kamaphulika kokha n'kusiya kachilonda kosaya, kawirikawiri kosapitirira sentimita imodzi m'mimba mwake. Kachilondako kamachucha timadzi kapena timafinya tochepa timene mungationere pa malaya a mwana, kamachita nkhanambo, nkhanamboyo imagwa posamba kapena pokhuzana ndi chitenje, kachilonda kamayambanso kuchucha, n'kuchitanso nkhanambo ina. Kubwerezabwereza kumeneku ndiko kumatayitsa mtima makolo ambiri, chifukwa chilonda cha masiku onse chikatero timati chanyeka, koma kwa BCG ndi mmene zimayendera. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti chilondachi chimapola pakati pa miyezi iwiri ndi isanu, n'kusiya chipsera chaching'ono chozungulira, cholowa pang'ono m'kati, chija ambirife tili nacho paphewa. Nthawi yonseyi mwana amakhala akuyamwa bwino, akugona bwino, akukwera sikelo, ndipo chilondacho chimasautsa amayi ake ndi agogo ake kuposa mwini wake.

Chisamaliro chake n'chochepa kwambiri, ndipo kuchepako ndiko kumavuta, chifukwa mtima wa kholo sulola kungoyang'ana mafinya pa thupi la khanda osachitapo kanthu. Mwana asambitsidwe monga mwa masiku onse, pamalopo patsukidwe ndi madzi oyera, paumitsidwe mosisita pang'ono ndi kansalu koyera popanda kupakhula, kenako pasiyidwe pampweya. Malaya akhale otakasuka m'manja. Ngati pakuchucha kwambiri mpaka kumamatira ku zovala, kansalu kouma ka gozi kakhoza kuikidwa mosamanga kwa masiku ochepa, koma pulasitala womata amene salola mpweya kudutsa amachedwetsa kupola. Pasafinyidwe ngakhale pakuoneka kuti papsa, ndipo nkhanambo isatendulidwe. Kufinya kumakankhira tizilombo m'kati, kumakulitsa chilonda, ndipo kumatsegulira khomo tizilombo tina tochokera m'zikhadabo. Chimodzimodzinso sipiriti, jivi, vaselini, mafuta odzola, mankhwala otsukira mano, phulusa, zitsamba zosinja, ndiponso ufa wa m'makapisozi umene anthu ena amathira pa zilonda: palibe chimodzi mwa izi chimene chimafulumizitsa kupola, ndipo zina zimawotcha khungu lanthete kapena kubweretsa matenda enieni pamalo pamene panalibe matenda. Ndikuona kuti uphungu umenewu uyenera kufika kwa apongozi, agogo ndi azakhali mofanana ndi mmene umafikira kwa mayi, popeza m'masabata amenewa ndiwo amasambitsa mwana ndipo mawu awo ndiwo amamveka m'nyumba. Chikondi chawo n'chosakayikitsa, chimene chimasowa ndi munthu wowauza kuti chilonda ichi n'chosiyana ndi zilonda zimene anazolowera kuchiza. Mafinya a pachilondachi sangapatsire TB ana ena a m'nyumbamo, ndipo kusamba m'manja ndi sopo mukamaliza kumusamalira n'kokwanira.

Pali kusokonezeka kumodzi kumene kumachitika kawirikawiri chifukwa cha kalendala ya katemera. Pa masabata 6, mwana amapita kusikelo kukalandira jakisoni wa pantchafu woteteza matenda asanu, wina woteteza chibayo, madontho a poliyo ndi madontho oteteza kutsegula m'mimba, ndipo ambiri mwa akatemerawa amabwerezedwa pa masabata 10 ndi 14. Jakisoni wa pantchafu uja amatha kutenthetsa thupi ndi kuliritsa mwana kwa tsiku limodzi kapena awiri. Nthawi yomweyo ndiyo chilonda cha BCG chimakhala chikuphulika mwa ana ambiri. Kholo limaona thupi latentha, limaona mafinya paphewa, n'kulumikiza ziwirizi ngati chinthu chimodzi, pamene zachokera kosiyana. Chilonda cha BCG si chifukwa chozengerezera akatemera a pa masabata 6, ndipo mwana apite nacho kusikelo pa tsiku lake.

Mfundo yofunika kwambiri pa nkhani yonseyi, mwa kuona kwanga, ndi yakuti BCG kawirikawiri satenthetsa thupi ndipo safooketsa mwana. Choncho khanda likatentha thupi, likakana bere, likamapuma mothamanga kapena molowetsa nthiti m'kati, likazizira thupi modabwitsa, likakomoka, kapena likangoti lefu osagalamuka bwino, si nkhani ya katemera ayi. Mwana wosakwana miyezi iwiri amene ali ndi chimodzi mwa zizindikiro zimenezi afunika kuonedwa kuchipatala tsiku lomwelo, usiku kapena usana, chifukwa matenda a m'magazi, chibayo ndi matenda oumitsa khosi amathamanga kwambiri pa msinkhu umenewu. Mawu akuti "ndi katemera uja, zisiya zokha" ndi oona pa chilonda cha paphewa, koma akanenedwa pa khanda lotentha thupi akhoza kutayitsa moyo, ndipo Panado woperekedwa kunyumba amangobisa chizindikiro chimene dokotala akanachifuna.

Chinthu china chimene chimadzidzimutsa makolo ndi mwanabere. Tizilombo ta katemera ndi asilikali a m'thupi amayenda kuchoka paphewa kupita ku timisempha ta m'khwapa la mbali yomweyo, ndipo mwa ana ena mumatuluka kachotupa kakang'ono, kolimba, koyendayenda mukakakhudza, kosapweteka. Nthawi zina kamatulukira m'munsi mwa khosi, pamwamba pa fupa la pakati pa phewa ndi chifuwa. Kakakhala kosapitirira sentimita imodzi ndi theka, khungu la pamwamba pake lili bwinobwino, mwana ali wosangalala, kamaphwa kokha pakapita masabata kapena miyezi, ngakhale kuli bwino kukaonetsa kusikelo kuti azaumoyo akalembe m'buku. Nkhani imasintha ngati chotupacho chikukulirakulira, chafiira, chamatirira ku khungu, kapena chafewa mosonyeza kuti muli mafinya. Zimenezi zimachitika mwa ana ochepa, kawirikawiri m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira, ndipo zimakonda kuchitika ngati katemera analowa mozama kupitirira khungu kapena ngati mlingo unachuluka. Si ngozi yoopseza moyo mwa mwana wathanzi, koma ndi ya kuchipatala. Kumeneko madokotala amatha kupopa mafinyawo ndi singano kuti chotupa chisaphulike chokha n'kusiya bala lochucha kwa nthawi yaitali. Kuchiboola kunyumba kapena kutemerapo mphini ndiko kumabweretsa bala lotero, ndipo mankhwala opha tizilombo ogula pagolosale sachita kanthu pa tizilombo ta BCG.

Pamalo obayidwa penipenipo, zofunika kukaonetsa ndi chilonda chimene chakula kupitirira sentimita imodzi n'kumapitirirabe, chithupsa chachikulu chozama, kufiira ndi kutentha kumene kukufalikira mkono wonse, fungo loipa, kapena chilonda chimene sichikuonetsa kupola miyezi isanu itadutsa. Kachotupa kakatuluka mofulumira, m'masiku awiri kapena atatu oyambirira, n'kumapweteka, nakonso nkoyenera kuonedwa, chifukwa BCG sachita changu chotero mwa khanda ndipo mwina ndi tizilombo tina talowa. Anthu ena khungu lawo limapanga zipsera zotukuka, zonyezimira, zokula kupitirira bala lenileni, ndipo zimenezi zimatha kuchitikanso ndi BCG, makamaka akabayidwa pamwamba kwambiri pansonga ya phewa. Pali vuto linanso losowa kwambiri, la kutupa kwa fupa kapena mfundo, limene limatha kuonekera patapita miyezi yambiri kapena chaka, ndipo mwana wotupa mwendo kapena wokana kuuyendetsa afunika kupimidwa pa zifukwa zambiri zoposa katemera.

Kuno kwathu nkhani ya BCG singathe popanda kukamba za HIV. Katemera wamoyo amadalira chitetezo cha mwana kuti chigonjetse tizilombo tofooka tija pamalo pamodzi. Mwa mwana amene chitetezo chake chagwa, kaya chifukwa cha HIV yosalandirira mankhwala kaya chifukwa cha chilema chosowa chobadwa nacho, tizilomboti tikhoza kufalikira thupi lonse n'kudwalitsa koopsa. Kafukufuku wa ku South Africa atasonyeza kuti chiopsezo chimenechi n'chachikulu mwa makanda amene ali ndi kachilomboka, WHO inalimbitsa malangizo ake mu 2007, ndipo inawaunikanso mu 2018. Malangizowo amasiyanitsa ana. Khanda lobadwa kwa mayi amene ali ndi HIV, lomwe silinadziwike ngati latenga kachilombo ndipo silikuonetsa zizindikiro za kudwala, liyenera kubayidwa BCG, makamaka ngati mayi akumwa ma ARV, chifukwa ana ambiri otere amabadwa opanda kachilombo, pamene chiopsezo chokumana ndi TB m'nyumba n'chachikulu. Khanda limene lapimidwa n'kupezeka nako lisanabayidwe liyenera kudikira mpaka litayamba mankhwala ndi kulimba. Choncho mayi amene ali pa mankhwala asaope katemerayu, koma asaphonye tsiku lopimitsa magazi a mwana pa masabata 6, ndipo auze namwino za chotupa chilichonse cha m'khwapa. Zimachitikanso kuti mwana amene anabayidwa kale, akayamba ma ARV, chipsera chimafiiranso kapena mwanabere amatupa patapita masabata angapo. Kumeneko ndi kudzuka kwa chitetezo chimene chayamba kulimbana ndi tizilombo totsalira, ndipo chofunika ndi kubwerera kuchipatala, osati kusiya mankhwala.

Palinso ana amene amayenera kudikira pa zifukwa zina. Wobadwa masiku asanakwane kwambiri, wolemera mochepa zedi, kapena wodwala amene wagonekedwa ku nazale, amabayidwa akalimba, nthawi zambiri potuluka. Ngati mayi wapezeka ndi TB ya m'mapapo chakumapeto kwa pakati kapena atangobereka, khanda limayamba lapimidwa, ndipo likapezeka kuti silikudwala limapatsidwa mankhwala oteteza a isoniazid kwa miyezi 6, BCG n'kudzabwera pambuyo pake, popeza mankhwalawo amapha tizilombo ta katemera ndipo akanamuthera mphamvu. Nthawi zinanso mayi amauzidwa kuti abwere tsiku lakutilakuti chifukwa cha kabotolo: kamakhala ndi milingo ya ana 20, ndipo ufa wake ukasungunulidwa uyenera kutayidwa pakatha maola 6, choncho zipatala zina zing'onozing'ono zimasonkhanitsa makanda tsiku limodzi. Tsiku limenelo lisaphonyedwe, chifukwa phindu la BCG limakula akaperekedwa msanga, mwana asanakumane ndi TB yeniyeni. Wobadwira kunyumba kapena panjira apite naye kusikelo m'masiku oyambirira, osadikira kuti ayambe walimba khosi.

Nanga mwana amene sanachite chilonda kapena chipsera? Zimachitika mwa ana ena, mwina mmodzi mwa khumi aliwonse, ndipo zipsera zina zimazimiririka mwana akamakula. Kusowa kwa chipsera sikutanthauza kuti katemera sanagwire, ndipo kukula kwa chipsera sikuyeza kuchuluka kwa chitetezo. Mayiko ena akhala ndi lamulo lobwereza katemera chipsera chikapanda kuoneka, koma WHO silimbikitsa kubwereza, ndipo umboni wina waukulu pa mfundo imeneyi unachokera m'dziko lathu lomwe lino. M'boma la Karonga, anthu oposa 120,000 anatenga nawo mbali pa kafukufuku amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 1996, ndipo zinasonyeza kuti BCG wachiwiri sanawonjezere chitetezo ku TB, ngakhale anachepetsa khate ndi pafupifupi theka. Chimene kholo lingachite ndi kuonetsa phewa la mwana pamodzi ndi buku lake la kusikelo kwa namwino kapena mlangizi wa zaumoyo, amene adzatsata malangizo a Unduna wa Zaumoyo. Chofunika kutsimikiza ndi chakuti tsiku la BCG linalembedwa m'bukumo, chifukwa pali ana amene alibe chipsera kaamba koti sanabayidwe n'komwe.

Wina akhoza kufunsa ngati miyezi yonseyi ya chilonda ili ndi phindu, popeza timaona akuluakulu okhala ndi chipsera paphewa akudwala TB ndi kumwa mankhwala kwa miyezi 6. Funsolo n'loyenera, ndipo yankho lake n'lakuti BCG sateteza mokwanira TB ya m'mapapo ya akuluakulu, ndipo mphamvu yake pa mtundu umenewu imasiyana kwambiri malo ndi malo. Ntchito yake yeniyeni ili pa ana aang'ono. Mwa khanda, TB sikhala m'mapapo mokha: imatha kulowa m'magazi n'kumwazikira m'ziwalo zonse, kapena kukafika ku ubongo n'kuyambitsa matenda oumitsa khosi amene amapha kapena kusiya mwana wolumala, wosaona kapena wosamva. Mitundu iwiri yoopsayi ndi imene BCG amaichepetsa kwambiri, ndi pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Padziko lonse anthu oposa 10 miliyoni amadwala TB chaka chilichonse, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwo ndi ana. Mumzinda ngati wathu, momwe mabanja ambiri a ku Ndirande, Mbayani kapena Bangwe amagona m'chipinda chimodzi chochepa mawindo, ndipo khanda limakwera minibasi yodzaza lisanathe mwezi, mwayi woti lipume mpweya wa munthu wodwala TB amene sanapimidwe si wochepa.

Pa chifukwa chomwechi chipsera chisapatse banja mtima woti mwana watetezedwa ku zonse. M'nyumba mukapezeka wodwala TB ya m'mapapo, kaya ndi bambo, agogo, wantchito kapena mlendo wodzakhalitsa, mwana aliyense wosakwana zaka 5 apite kukapimidwa ngakhale anabayidwa BCG ndiponso ngakhale akuoneka wathanzi, ndipo akapezeka kuti sakudwala amapatsidwa mankhwala oteteza, amene m'zipatala za boma ndi aulere. Mwana amene akutsokomola kupitirira masabata awiri, amene thupi likutentha mosalekeza popanda malungo, amene mzere wake wa sikelo waima kapena ukutsika, kapena amene wasiya kusewera n'kumangofooka, afunika kuunikidwa ngati ali ndi TB, ndipo kholo litchule kwa dokotala za munthu aliyense wotsokomola amene mwanayo wakhala naye pafupi.